Watoto ya ku Uganda: ndalama ya mwezi ndi mwezi ija imakathera pati?

Anzathu ambiri amene ali ku Britain ndi ku Joni anayamba kumva za Watoto, ntchito ya mpingo wa ku Uganda yolera ana amasiye, kudzera mu kwaya ya ana imene imayenda m'matchalitchi. Nyimbo zikatha, pakhomo pamakhala tebulo la makhadi a zithunzi za ana, munthu n'kupemphedwa kulonjeza kangachepe mwezi uliwonse. Mtima ukadali wofewa ndi magule a anawo, kusaina sikuvuta. Ife maganizo athu ndi awa: ntchitoyi ndi yeniyeni ndipo ili ndi dongosolo, koma midzi ya ana imene imatchuka kwambiri si kumene ndalama yanu ingagwire ntchito yaikulu. Mbali yothandiza amayi ovutika ali pakhomo pawo ndiyo ikuposa.

Gary Skinner ndi mkazi wake Marilyn, amishonale ochokera ku Canada, anayambitsa mpingo wa Kampala Pentecostal Church mu 1984, womwe lero ukutchedwa Watoto Church. Mu 1994, Edzi itasiya ana ochuluka opanda makolo, mpingowu unayamba ntchito yolera ana, ndipo kwaya ija inayamba maulendo ake chaka chomwecho. Midzi yake ndi Bbira ndi Suubi kufupi ndi Kampala, komanso Laminadera ku Gulu, kumpoto kumene zigawenga za Joseph Kony zinkaba ana n'kuwasandutsa asilikali.

Mudzi wa Watoto si chinyumba chimodzi chokhala ndi mabedi mndandanda. Ndi nyumba zing'onozing'ono zomangidwa m'magulu, iliyonse ili ndi ana 8 ndi mayi mmodzi, ndipo ambiri mwa amayiwa ndi amasiye. Mayiyu amagona momwemo, amaphika, amalangiza, amadzuka usiku mwana akatentha thupi. Sukulu, chipatala chaching'ono ndi tchalitchi zili m'mudzi momwemo. Apa Watoto inaganiza bwino. Chimene chimaononga ana m'nyumba zikuluzikulu za amasiye nthawi zambiri si njala, koma kusinthasintha kwa owalera: wam'mawa wina, wausiku wina, mwana osadziwa woti amulirire. Kafukufuku wa Bucharest Early Intervention Project ku Romania anaonetsa kuti ana amene anachotsedwa m'malo otere n'kupatsidwa mabanja, makamaka asanakwanitse zaka 2, anakula bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe kuposa anzawo otsala. Nyumba ya mayi mmodzi ikuyesa kutseka mpata umenewu, komanso ikupatsa mayi wamasiye pokhala ndi ntchito yolemekezeka.

Koma ana 8 ndi ambiri, makamaka akakhala kuti aliyense wabwera ndi bala lake mumtima. Wina amakodza pogona mpaka zaka 12, wina amabisa chakudya pansi pa matiresi, wina salankhula. Mayi wotere akasowa tsiku lopuma ndi munthu womumvetsera, amatopa, ndipo kutopa kumatulukira m'mawu okalipa kapena m'ndodo. Akadwala, akakwatiwa kapena akasiya ntchito, ana aja amaferedwa kachiwiri. Funso loyamba kufunsa bungwe lililonse la mtundu uwu si lakuti muli ndi ana angati, koma lakuti mayi mmodzi amakhala zaka zingati panyumba imodzi, amapuma liti, ndipo ana ake omubala amakhala kuti. Bambo m'nyumbamo mulibe. Watoto imatumiza abambo a mumpingo kudzacheza ndi ana kudzera mu pulogalamu ya Father's Heart, zomwe n'zabwino, koma mlendo wobwera mwa apo ndi apo sangalowe m'malo mwa munthu amene mnyamata amamuona tsiku ndi tsiku akukonza njinga kapena akupepesa kwa mkazi wake.

Kumene tilibe nako mawu ndi ku Baby Watoto, nyumba zolandira makanda otayidwa m'zipatala, m'mbali mwa msewu ngakhale m'zimbudzi. Khanda lobadwa masiku osakwana limafuna mkaka maola awiri kapena atatu alionse, malo ofunda ndi namwino pafupi. Agogo akumudzi sangakwanitse zimenezi ngakhale atafunitsitsa bwanji. Choyenera kuonetsetsa n'chakuti khandalo lisakhalitse: achibale afufuzidwe msanga kudzera ku polisi ndi kwa ofesala woona za chisamaliro cha anthu wa boma. Malamulo a Uganda amafuna kuti mwana akhale m'nyumba yovomerezeka ndi chilolezo cha khothi, chomwe sichipitirira zaka 3 ndipo chimayenera kuonedwanso chaka chilichonse. Cholinga chake n'chakuti pakhale wina wofunsa ngati mwanayo sangabwerere kwawo.

Vuto lalikulu la midzi imeneyi limaonekera mwana akakula. Kwa Abaganda ndi Aacholi, mtundu ndi malo zimatsata kuchimuna. Mwana akatha zaka 15 ali m'mudzi wa mishoni, munda wa bambo ake amakhala ataulima kale abambo ake aang'ono, ndipo mboni za malire zinamwalira. Ku Buganda, mtsikana akafuna kukwatiwa, mwambo wa kwanjula, wokaonetsa mwamuna kwa makolo a mtsikana, umayendetsedwa ndi ssenga, mlongo wa bambo ake. Mtsikana amene sanawadziwe azakhali akewo amufikira ndani? Ife a kuno tikudziwa kulemera kwa nkhani yotere: mwana amene malume ake sakumudziwa alibe nkhoswe, alibenso pokaikidwa. Digiri imathandiza kupeza ntchito, koma siitseka dzenje limeneli. Ndipo mwana wozolowera madzi a pampopi ndi chakudya cha panthawi yake amavutika akayamba kuchita lendi kachipinda ku Kampala, poti sanaphunzire kunenerera mtengo pamsika kapena kukongola mchere kwa neba.

Pali nkhani ya mtengo. Nyumba, mapaipi, magetsi, malipiro a aphunzitsi, anamwino ndi alonda, zonsezi zimadalira kwambiri opereka akunja. Mu 2020 matenda a Covid-19 ataimitsa maulendo, kwaya zinaima, ndipo aliyense anaona kuopsa kodalira njira imodzi. Watoto ili ndi minda ndi ziweto zothandizira chakudya, koma mudzi wa ana mazanamazana sungadzidyetse ndi munda wokha. Za kwayayo, tinene mosabisa: anawo amaimba mokoma zedi, koma kuuza mwana kuti afotokoze za imfa ya makolo ake pamaso pa alendo usiku ndi usiku kwa miyezi ingapo ndi chinthu chimene ambiri a ife sitingalole pa mwana wathu.

Tsono tibwere kwa amayi. Mu 2008 Marilyn Skinner anayambitsa Living Hope, yomwe pano ili pansi pa dzina la Watoto Neighbourhood, yothandiza amayi amasiye, osiyidwa, a kachilombo ka HIV, ndi ena amene anazunzidwa ndi zigawenga kumpoto. Amathandizidwa pa zachipatala ndi uphungu, amaphunzira kuwerenga, kusoka ndi kuyendetsa kabizinesi, ana awo ali pakhomo pawo. Chifukwa chake mbaliyi ikuposa n'chosavuta. UNICEF imawerengera mwana wotaya kholo limodzi ngati wamasiye, ndipo bungwe la Lumos limati pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse a m'nyumba za amasiye padziko lonse ali ndi kholo lamoyo. Chowatulutsa pakhomo ndi fizi, njala ndi matenda a mayi. Mukachiritsa mayi mmodzi n'kumupatsa popezera ndalama, ana ake onse atsala ndi munda wawo, chilankhulo chawo ndi agogo awo, popanda kumanga nyumba ngakhale imodzi.

Nayonso ntchito ya amayi ili ndi misampha yake, kulikonse kumene ikuchitika. Kuphunzitsa amayi ambirimbiri a dera limodzi utelala womwewo kumadzaza msika, pomwe kaunjika ndi wotchipa kale. Zidole ndi zikwama zogulidwa ndi alendo akunja okha zimaunjikana alendowo akasiya kubwera. Mpamba ukaperekedwa mayi asanayambe kumwa ma ARV mokhazikika, kapena pakhomo palibe ufa, umadyedwa, makina osokera n'kugulitsidwa mwana akadwala malungo. Kayendedwe koyenera ndi aka: chipatala ndi chakudya poyamba, kenako fizi ya ana, kenako luso losankhidwa poona chimene msika wa deralo ukusowa, mpamba pamapeto, makamaka kudzera m'gulu la banki m'khonde kuti amayi azilondolana okha. Ndipo zonsezi zimagwa ngati achibale a mwamuna alanda nyumba ndi munda maliro asanazizire. Uganda inakonza lamulo la chuma chamasiye mu 2022 kuti amayi atetezeke kwambiri, ngati mmene Malawi inachitira mu 2011 ndi lamulo lomwe limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma lamulo silithandiza mayi amene alibe womuperekeza kukhothi kapena kwa mfumu.

Musanasaine khadi lija, funsani ngati ndalama yanu ikupita kwa mwanayo kapena m'thumba la onse, komanso ngati mwana mmodzi ali ndi omuthandiza angati. Kuphatikiza ndalama si kuba, midzi yotere singayende mwanjira ina, koma muzidziwa. Funsaninso kuti ndi ana angati anabwezedwa kwa achibale chaka chatha, ndiponso pemphani lipoti la chuma lofufuzidwa ndi akatswiri apadera. Ngati pali mwayi wosankha, lozani ndalama yanu kwa makanda kapena kwa amayi. Za ulendo wa sabata imodzi wokanyamula makanda n'kujambulitsa, ingousiyani. Khanda limakuzolowerani kenako n'kulira mutapita, ndipo mtengo wa tikiti ya ndege ungalipirire ana angapo fizi ya chaka.

Mipingo ya kuno imene ikufuna kutengera chitsanzo cha Watoto iyambire ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma, chifukwa lamulo la ana la 2010 ndilo likulamulira zosunga ana a eni. Kumeneko mudzamvanso za mabanja amene ali kale pa Mtukula Pakhomo ndi sukulu za mkombaphala zimene zikusowa denga, mapoto kapena ufa wa likuni phala, zinthu zimene chopereka cha mpingo umodzi chingakwanitse mwezi uno.