Seti ya mapoto ofiira ija, ndi poto wanga wa pa Kamwendo

Chaka chatha nditagulitsa mtedza, ndinapita pa boma pa Mchinji kukagula seti ya mapoto imene ndinakhala ndikuisirira kwa miyezi ingapo. Munali mapoto anayi ndi chiwaya chimodzi, ofiira kunja, akuda m'kati, aja amati chakudya sichimatirira. Zivindikiro zagalasi, zogwirira zapulasitiki. Mnyamata wa m'sitolomo anati: "Mayi, awa ndi ongotsukuluza basi, za kupala nkhoko muiwale." Ndawagwiritsa ntchito miyezi 14, ndipo lero amene ndikuphikirabe ndi awiri okha.

Chiwayacho sindichinena zoipa. Pa sitovu yamagetsi chimakazinga mazira ndi kadontho chabe ka mafuta, ndipo ndi mmene mafuta ophikira akwereramu, chimenecho ndi chithandizo chenicheni. Kapoto kakang'ono nakonso kali bwino pa phala la mwana ndi kuwiritsa mkaka. Vuto ndi lakuti kwathu kuno magetsi sakhala tsiku lililonse, ndipo pakhomo pa anthu asanu ndi awiri zambiri timaphika pa mbaula, nthawi zina pamafuwa.

Tsiku loyamba kuphikira nsima poto wamkulu wa m'setimo ndinadziwiratu kuti sitipita naye kutali. Ndi wopepuka kwambiri. Ukafika povundula, mthiko ukangolowa mwamphamvu, poto amatsetsereka pa mbaula, mpaka ndinaitana mwana kuti adzandigwirire. Pansi pake ndi popyapyala, moti pakati pamapserera m'mbali musanapse. Patapita milungu itatu, lawi la nkhuni linanyambita chogwirira, chinasungunuka n'kuyamba kugwedera. Chimene chinandiwawa kwambiri chinabwera pambuyo pake: utoto wakuda wa m'kati uja unayamba kusupuka, ndipo m'mawa wina ndinapeza tizidutswa takuda m'phala la ana. Ndinalitaya phala lonselo. Utoto umenewu sufuna moto waukali ngati wa makala, sufuna supuni yachitsulo, sufunanso kukwechedwa ndi mchenga kapena phulusa monga timatsukira mapoto ena. Wogulitsa sanandiuze chilichonse mwa zimenezi, ndipo ndikuona kuti anayenera kundifunsa kaye kuti ndimaphikira pa chiyani.

Amene akutidyetsa mpaka lero ndi poto wa aluminiyamu wokhuthala, wa makutu awiri, amene tinagula pa msika wa pa Kamwendo mu 2016. Anandisankhira ndi apongozi anga. Ndimakumbukirabe mmene anachitira. Anayamba amunyamula ndi dzanja limodzi kuti amve kulemera. Kenako anamutembenuza, n'kudinikiza pansi pake ndi chala chachikulu. Wina amene anapindika n'kulira ngati chitini anamubweza pomwepo. Ameneyu anamuika pa simenti ya pakhonde la golosale kuti aone ngati akugwedezeka. Anagwedeza makutu onse awiri, akuyang'anitsitsa timisomali tomangira, chifukwa mpamene poto amayambira kudontha. Chivindikiro anachivindikira katatu. Wogulitsa atayamba kung'ung'udza, iwo anangoti: "Achimwene, tisiyeni tisankhe, poto ameneyu akalera adzukulu anga."

Ubwino wa poto wokhuthala ndi wakuti kutentha kumafalikira pansi ponse ndipo kumakhalitsa. Nsima imapsa mofanana, ukaiphula imachedwa kuzizira, ndipo nkhoko zimatuluka zofiirira bwino, osati zakuda zowawa. Ukazinyowetsa ndi timadzi zimachoka zokha, ana n'kumalimbirana. Pamafuwa amakhazikika, ungavundule ndi mphamvu zako zonse. Ndisanamuteleke pa nkhuni ndimamupaka phulusa lonyowa kunja kwake, mwaye sumatirira.

Ali ndi zofooka zake. Mukaphikamo therere la soda kapena la chidulo, m'kati mumada. Ndiwo za matimati ambiri zikagonamo, aluminiyamu amadyeka n'kuyamba timaenje, ndiye ine ndimasamutsira m'mbale ndikangotha kuphika. Chinanso chimene ndimachiopa ndi mapoto aja osungunula kuchokera ku zitsulo zakutha. Ndi olimba ndithu, koma ngati wosungunulayo anasakanizamo zidutswa za injini kapena zitsulo zosadziwika, mukhoza kukhala mtovu, umene umalowa m'chakudya ndipo umawononga ubongo wa ana. Mukaona poto wokhakhala m'kati, wa timabowo ngati chisa cha chiswe, ndipo wogulitsa sakutha kukuuzani chimene anasungunula, musiyeni ngakhale atatsitsa mtengo.

Nyemba zokha sindiphikira m'chitsulo chilichonse. Zimenezo ndi za mumphika wadothi, pamoto wapang'onopang'ono kuyambira m'mawa, msuzi wake umachita kukhuthala wokha. Mphika posankha mumaugogoda ndi chala: wootchedwa bwino umalira ngwee, wa mng'alu umalira mogonthera. Watsopano ndimayamba ndaphikamo phala la madeya kuti utseke timipata. Mtengo wake sufika ngakhale pa wa chivindikiro chimodzi chagalasi chija, chimene chinasweka chitangogwa kuchoka pa mpando.

Seti yofiirayo ndingailimbikitse kwa munthu wophikira pa magetsi kapena gasi, wa banja laling'ono, wokhala ndi chipande chamtengo chotakasira. Kwa ife a mbaula ndi nkhuni, ndalama yake ndi yambiri kuposa ntchito imene imagwira. Mwezi wamawa mwana wa mchemwali wanga akulowa m'banja ku Kapiri, ndipo amayi ake amafuna timugulire seti ngati yomweyo. Ndawakaniza. Loweruka tinapita limodzi kumsika, tinanyamula mapoto, tinawadinikiza, tinawaika pa simenti, n'kubwerako ndi awiri okhuthala, wa nsima ndi wa ndiwo, mphika umodzi, ndi chiwaya chimodzi cha mazira.