Chigalu ndi kagalu pakhomo limodzi: zomwe ndaona patatha chaka ndi theka

Anthu ambiri akamandifunsa kuti atenge galu wamkulu kapena wamng'ono, amakhala atasankha kale mumtima. Akufuna chigalu choti wakuba akangochiona pageti abwerere yekha. Chigalu chotere ndili nacho, komanso ndili ndi kagalu konyamulika m'manja, ndipo awiriwa ndakhala nawo pakhomo pano ku Area 25 mu Lilongwe kwa chaka ndi theka tsopano. Ali ana ndinkayankha kuti tidikire akule kaye. Akula, ndiye ndinene mosapita m'mbali: kwa banja la m'tauni lokhala pa lendi, pa puloti yaing'ono, galu wamng'ono ndiye woyenera. Wamkuluyu ndimamukonda kwambiri, koma si aliyense amene ndingamuuze kuti amutenge.

Wamkulu ndi Simba. Bambo wake ndi Boerboel, mayi wake ndi galu wachikuda. Boerboel ndi mtundu wa ku South Africa womwe alimi akumeneko ankauweta kuti uzilondera mafamu, ndipo amphongo ake ambiri amapitirira makilogalamu 60. Simba ali cha m'ma 50. Wamng'ono ndi Tsabola, Jack Russell wamkazi wa makilogalamu 7. Mtundu wake unachokera ku England, kwa m'busa wina wokonda uzimba, John Russell, yemwe m'zaka za m'ma 1800 ankafuna galu wolowa kuuna n'kukavumbulutsa nkhandwe. Mbiri imeneyi muisunge, chifukwa khalidwe lonse la Tsabola likuchokera pomwepo.

Nkhani ya ulonda ndi imene anthu amaimva molakwika kwambiri. Mlonda weniweni wa pakhomo pano ndi Tsabola. Munthu akaima kuseri kwa mpanda usiku, iye ndiye amayamba kuuwa, ndipo sasiya mpaka wina atadzuka n'kuyatsa getsi lapanja. Simba amatsatira pambuyo, kuuwa kawiri katatu ndi mawu okuya aja, kenako n'kukaima pageti phee. Ntchito ya Simba ndi kuoneka ndi kumveka, ndipo ntchito imeneyi amaigwira bwino. Ana ogwetsa mango anasiya kukwera mpanda wathu kalekale. Koma chomwe chimapulumutsa nyumba usiku ndi kudzutsidwa msanga, ndipo pa chimenechi kagalu ka makilogalamu 7 kamapambana. Palinso china. Galu wogona panja ndi wosavuta kumuponyera nyama yothira poizoni, pomwe Tsabola amagona m'khonde lotchingidwa ndi zitsulo, moti wakuba amangomumva osamufikira.

Kuuwa komweku ndi vuto lakenso. Tsabola amauwa mphaka, amauwa wa kabaza, amauwa tsamba likagwa pamalata. Aneba a kumanja anadandaulapo, ndipo sanalakwe. Chomwe chinathandiza ndi kumutopetsa: kuyenda naye m'mawa uliwonse ndi kumuponyera mpira madzulo. Amene akuganiza kuti galu wamng'ono ndi wongokhala pampando asatenge Jack Russell. Simba akayenda theka la ola amagona tsiku lonse pansi pa mtengo, koma Tsabola akasowa chochita amakumba dimba mpaka mizu ya mpiru kuonekera.

Pa chakudya ndi pomwe thumba limalira. Simba amadya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa Tsabola, tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa. Chakudya cha agalu cha m'matumba chambiri chimachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake sinakhalenso ya munthu wamba. Ife timaphika tokha: nsima ya madeya kapena ya mgaiwa, bonya, zam'kati za ng'ombe tikapeza kubutchala, dzira mwa apo ndi apo, ndi masamba pang'ono. Kwa Tsabola chikho chimodzi chakwana. Kwa Simba ndi mphika wathunthu, makala ake apadera, ndi munthu wouphika. Madeya okha sakwanira. Galu wamkulu amakula mpaka miyezi 18 kapena zaka ziwiri, pomwe wamng'ono akamakwanitsa chaka amakhala atamaliza. Nthawi yonseyi mafupa a wamkuluyo akufuna chakudya chabwino, ndipo mukamunyima mudzaona miyendo yakumbuyo ikugwedera adakali wamng'ono. Zimandipweteka mtima ndikaona Boerboel kapena German Shepherd wogulidwa ndi ndalama zambiri, nthiti zili pamtunda, akudya makoko a nsima okhaokha.

Zotsala za patebulo nazo muzisamala. Ndiwo zathu zimakhala ndi anyezi, ndipo anyezi amawononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya m'mimba. Komanso galu wamkulu wa chifuwa chozama asadye chakudya chambiri nthawi imodzi kenako n'kuthamanga, chifukwa chifu chimatha kufufuma n'kupotokola, ndipo matenda amenewa amapha m'maola ochepa. Simba timamupatsa kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo akadya amapuma kaye.

Mankhwala ambiri a agalu amayezedwa potengera kulemera. A njoka za m'mimba, a nkhupakupa ndi nthata, ngakhale ogonetsa pochita opaleshoni, onsewa kwa Simba amafunika ochuluka kangapo. Nkhupakupa si zoseweretsa, zimabweretsa malungo a agalu omwe amayeretsa nkhama ndi kufoola galu msangamsanga. Nyengo ya mvula kuli mphutsi zija zolowa pakhungu, zochokera ku ntchentche zoikira mazira padothi. Zimenezi zinavutitsa kwambiri Tsabola chifukwa chokonda kukumba ndi kugudubuzika. Timapaka Vaseline pachotupapo kuti mphutsi isowe mpweya, kenako n'kuifinya. Koma katemera wa chiwewe sasankha msinkhu. Kagalu ka m'nyumba kakalumidwa ndi galu woyendayenda kamatenga chiwewe chimodzimodzi ndi chigalu. Onse awiri anabayidwa atakwanitsa miyezi itatu ndipo timabwereza chaka chilichonse. Kuno ku Lilongwe kuli bungwe losamalira ziweto la LSPCA, ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu kuyambira 2015, ndipo akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa m'dera, chiwewe chimasiya kufala. Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kupita nawo kwa dokotala wa ziweto ndi nkhani inanso yomwe munthu saiganizira pogula. Tsabola amalowa m'katoni. Simba amafuna galimoto yahayala ndi anthu awiri.

Pa ana, zomwe ndaona zingadabwitse ena. Woleza mtima ndi Simba. Mwana wathu wamng'ono amamutsamira, amamukoka khutu, iye n'kungodzuka kukagona pena. Tsabola salola zimenezo, ukamupweteka amachenjeza ndi mano. Koma kufatsa kwa Simba sikundichititsa kumusiya yekha ndi mwana, ngakhale kwa kanthawi. Akangotembenuka mokondwa amagwetsa mwana pansi, ndipo galu wa msinkhu wake atati walakwitsa tsiku limodzi, chilondacho sichingafanane ndi cha Tsabola. N'chifukwa chake ndinamuphunzitsa kukhala pansi, kubwera akaitanidwa ndi kuyenda pachingwe osakoka adakali wonyamulika. Funso loti mudzifunse ndi ili: kodi mayi a kunyumba, kapena mtsikana wotsala pakhomo masana, angamugwire galuyu geti litatseguka mwangozi? Ngati yankho ndi ayi, galuyo wakula kuposa banja lanu.

Amene muli ndi nkhuku, dziwani kuti Tsabola anatithera anapiye mpaka tinamanga khola la waya. Magazi a uzimba aja sachoka. Mbali yabwino ndi yoti makoswe anatha m'sitolo ya chimanga. Simba nkhuku zimadya m'mbale mwake iye akuyang'ana.

Chomwe chimandilemera ndikamuyang'ana Simba ndi zaka. Agalu a msinkhu wake kawirikawiri amakhala zaka 9 mpaka 11, ndipo ukalamba wawo umabwera ndi ululu wa m'chiuno ndi m'mawondo. Jack Russell amatha kufika zaka 13 mpaka 16. Kutentha kwa Okutobala nakonso kumamuzunza wamkuluyu. Amapuma wefuwefu masana onse, moti mthunzi ndi beseni la madzi sizichoka pamalo pake.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, abale anga. Ngati mukudziwa kuti chigalucho chizikhala pa tcheni kapena m'kakhola ka njerwa usana wonse n'kumamasulidwa usiku okha, musachitenge. Galu wokulira motero amakhala wamantha ndi wolusa, ndipo amene amalumidwa kawirikawiri si wakuba koma mwana wa aneba kapena mlendo wanu yemwe. Amene ali ndi nyumba yakeyake, mpanda wolimba, bwalo lalikulu ndi ndalama ya chakudya yosadukiza, atenge wamkulu, adzasangalala naye monga ndikusangalalira ndi Simba. Mlamu wanga yemwe akukhala pa lendi ku Kawale ndamuuza kuti afunse kaye eni nyumba, kenako apeze kagalu, kapena galu wachikuda wa msinkhu wapakati, amene amapirira kutentha kwa kuno, sadya zambiri, ndipo kuuwa amauwa mokwanira.