Yarndale, Shetland kapena Rhinebeck: woluka wopita yekha akapeza kuti anzake?

Kuyambira kumapeto kwa September mpaka pakati pa October, masamba akayamba kuyoyoka ndipo chisanu chikayamba kuluma m'mayiko a kumpotowa, pamakhala misonkhano itatu imene siichoka pakamwa pa oluka: Yarndale ku Skipton m'dera la Yorkshire, Shetland Wool Week ku zilumba za Shetland, ndi New York State Sheep and Wool Festival ya ku America, yomwe aliyense amangoitchula kuti Rhinebeck, dzina la tauni imene imachitikirako. Ulusi wabwino uliko konseko, moti pa nkhani yogula sindingakusankhireni. Funso limene amayi anzanga a kuno ku Britain amandifunsa ndi lina: ndikapita ndekha, wosadziwa munthu, ndi kuti kumene ndikapezeko ocheza nawo? Apa mpamene malo atatuwa amasiyanirana.

Yarndale ndiyo yosavuta kufikako. Inayamba mu 2013, ndipo imachitika Loweruka ndi Lamlungu kumapeto kwa September. Kuchokera ku Leeds, sitima ya pamtunda simatha ola lathunthu, ndipo mukatsika mumangotsatira njira yodutsa mu Aireville Park imene amaikongoletsa ndi zoluka. Malo ake ndi Skipton Auction Mart, msika weniweni wa ziweto. Ogulitsa amayala malonda awo m'makola momwe masiku ena mumakhala nkhosa ndi ng'ombe, ndipo ngakhale amakolopa bwanji, kafungo ka ziweto kamamvekabe. Ine kafungoko ndimakakonda, chifukwa kamakumbutsa kumene ulusiwo wachokera.

Umodzi wa ku Yarndale umaonekera m'mwamba ndi m'makoma. Chaka choyamba, Lucy wa tsamba la Attic24 anapempha anthu kuti atumize timbendera toluka ndi crochet (kuluka ndi singano imodzi ya ngowe), ndipo tinabwera masauzande kuchokera m'mayiko osiyanasiyana. Pambuyo pake panabwera chingwe cha masokosi, Yarndale Sock Line: oluka amatumiza masokosi, amayanikidwa kuti anthu aone, kenako amaperekedwa kwa osowa. Choncho munthu utha kukhala ndi gawo lako usanafike n'komwe pakhomo. Nthawi ya nkhomaliro anthu amakhala phewa ndi phewa, aliyense atatsegula thumba lake, ndipo wapafupi nawe sachedwa kufunsa kuti ulusi wobiriwirawo wagula pa khola liti. Vuto lake ndi nthawi. Ambiri amabwera tsiku limodzi, ena pa basi ya gulu lawo, ndipo dzuwa likapendeka aliyense ali pa ulendo. Mumacheza bwino kwa mphindi khumi, n'kusiyana osafunsana ndi dzina lomwe.

Ku Shetland nkhani ndi ina, ndipo kumeneko ndi kumene mtima wanga uli. Msonkhanowu unayamba mu 2010, umatenga pafupifupi sabata imodzi, ndipo sukhala pa bwalo limodzi. Likulu lake ndi Shetland Museum and Archives ku Lerwick, tauni yaikulu ya zilumbazi, koma makalasi, maulendo okaona alimi a nkhosa ndi macheza a madzulo zimamwazikana m'midzi mpaka ku Unst, chilumba cha kumpoto kwenikweni, chodziwika ndi mashawelo opyapyala moti amatha kudutsa mu mphete ya ukwati.

Chaka chilichonse amasankha woimira msonkhanowu, nthawi zambiri mmisiri mmodzi, ndipo iye amabwera ndi pateni ya chipewa cha chakacho miyezi ingapo msonkhano usanafike. Mu 2014 anali Hazel Tindall, mayi wotchuka chifukwa cha liwiro la manja ake. Mu 2015 Donna Smith anatulutsa Baa-ble Hat, chipewa cha tinkhosa toyera chimene chinalukidwa dziko lonse. Mu 2019 anasankha Oliver Henry, bambo amene anali atasankhula ubweya kwa zaka zoposa 50 ku Jamieson & Smith, kampani ya ubweya ndi ulusi ya ku Lerwick. Pateni imakhala imodzi, koma mitundu aliyense amasankha yake. Chipewachi chimagwira ntchito ngati yunifomu ya amayi a Mvano: ukamuona wina wavala pa doko, umadziwa kale kuti ndi wako, ndipo moni savuta.

Macheza amayambira pa sitima ya m'madzi ya NorthLink, imene imanyamuka ku Aberdeen madzulo n'kukafika ku Lerwick m'mawa, ulendo wa maola 12 kapena kuposa ikadzera ku Kirkwall, pa zilumba za Orkney. Mmenemo mayi wina wachikulire anandipempha chipewa changa, n'kuchitembenuza kuti aone mkati. Pa kalukidwe ka Fair Isle, mzere uliwonse umalukidwa ndi mitundu iwiri, ndipo ulusi umene sukugwira ntchito umayenda kuseri. Luso la munthu limadziwikira kuseriko: ukakoka kwambiri chipewa chimafinyika, ukalekerera ulusi umalendewera. Mayiyo anayendetsa chala pa timizere tamkatimo, n'kutulutsa singano zake, nandionetsa mmene amatambasulira maluko pa singano ya kumanja asanabweretse mtundu wina. Tinadzakumananso mu holo ya m'mudzi wina tikumwa tiyi, kenakonso mu sitolo ya ulusi. Ku Shetland konse kuli anthu pafupifupi 23,000 okha, ndiye nkhope zomwe mwaona pa sitima mumakumana nazo sabata yonse. Kukumana kobwerezabwerezaku ndi kumene Yarndale singathe kupereka.

Chinanso n'chakuti eni mudzi ndiwo aphunzitsi. Kwa amayi a ku Shetland kuluka sikunali kotayitsa nthawi. Agogo awo ankaluka akuyenda, dengu la zokolezera moto lili kumsana, singano imodzi atayizika pa lamba wachikopa wa m'chiuno, ndipo zolukazo ankasinthanitsa ndi katundu kwa eni masitolo, nthawi zambiri mowadyera masuku pamutu. Lamba ameneyu adakalipo ndipo mutha kuphunzira kumugwiritsa ntchito. Phunziro la kuluka litachotsedwa m'masukulu a kumeneko mu 2010, anthu odzipereka anayambitsa ShetlandPeerieMakkers kuti ana asataye luso la makolo awo. Mukakhala pansi ndi anthu otere, mumaona kuti mwalowa m'mudzi wa eni ake, ndipo ulemu umabwera wokha.

Koma ndisakunamizeni, Shetland imadya m'thumba. Malo ogona ndi ochepa, ena amasungitsa chaka chathunthu msonkhano usanafike, ndipo matikiti a makalasi otchuka amatha atangotuluka. Nyanja nayo ikakwiya, usiku wa pa sitima umatalika. Kwa ife ogwira ntchito ya mashifiti, kupempha sabata yathunthu kumafuna kukonzekera msanga.

Rhinebeck ndiyo yakale pa onsewa, inayamba mu 1980, ndipo ndiyo yaikulu. Imachitikira pa Dutchess County Fairgrounds, m'chigwa cha mtsinje wa Hudson, kumapeto kwa sabata yachitatu ya October, mitengo itafiira psuu. Kumabwera anthu masauzande ambirimbiri. Kuli nkhosa zamitundumitundu, agalu oweta nkhosa akuonetsa luso lawo, malonda a ubweya wongometedwa kumene, ndi mizere italiitali ya ogula madonati a madzi a maapulo. Mwambo wake waukulu ndi juzi: oluka amayamba miyezi ya chilimwe kuluka juzi yoti akavale kumeneko, ena amamaliza mkono womaliza ali m'galimoto. Anthu osadziwana amaimitsana kufunsa dzina la pateni, ndipo kutamandana sikusowa.

Komabe umodzi wa ku Rhinebeck umakhala wokonzekera kunyumba. Chiyambireni tsamba la oluka la Ravelry mu 2007, kenako Instagram, magulu ambiri amadziwana kale pa intaneti, amachita lendi nyumba imodzi, n'kupangana ola lokumana pa kaphiri ka m'bwalomo kuti ajambulitse. Amene ali m'gulu amasangalala zedi. Wopanda gulu atha kuyenda tsiku lonse pakati pa chikhamu cha anthu omwetulira n'kubwerera wosungulumwa. Pali nkhani ya visa nayonso: mu 2025 boma la America linayamba kufuna chikole chofika pa madola 15,000 kwa a ku Malawi ndi Zambia ofuna kukacheza. Kwa wa pasipoti ya kwathu amene sakhala kale ku America, Rhinebeck ndi yoyenera kuisiya kaye.

Chinthu chimodzi chimene muyenera kudziwiratu: anthu akuda m'malo onse atatuwa ndi ochepa, ndipo nthawi zina m'chipinda chonse mumakhala inu nokha. Nkhaniyi oluka anaikambirana mwamphamvu mu 2019, ndipo Jeanette Sloan, wolemba mapateni wa kuno ku Britain, anayambitsa tsamba la BIPOC in Fiber lothandiza kupeza amisiri akuda ndi a mitundu ina. Ngati likugwirabe ntchito, ndi bwino kuliona musananyamuke, kuti mudziwe amene akakhale ndi malonda kapena kalasi kumene mukupita.

Kwa amene simunapiteko kulikonse, yambani ndi Yarndale, makamaka ngati muli ku Leeds, Bradford kapena Manchester, ndipo tengani choluka chaching'ono chosamaliza kuti mukhale ndi chifukwa chokhalira pansi pafupi ndi ena. Kwa amene mukufuna anzanu oti muzilemberana nawo chaka chamawa, sungani ndalama za ku Shetland. Sungitsani malo ogona poyamba, sitima pambuyo pake, makalasi pomaliza, ndipo musadzaze masiku onse ndi makalasi, chifukwa macheza enieni amachitika pa mipando ya ku Museum ndi m'maholo a m'midzi. Pateni ya chipewa ikangotuluka, yambani kuluka, ndipo ngati mukufuna ulusi wa komweko, Jamieson & Smith ndi Jamieson's of Shetland onse amatumiza pa positi.