E-reader ya mainchi 6: ndemanga ya wokonda sci-fi ndi fantasy wa mu Lusaka

Amene mumawerenga mabuku akuluakulu a fantasy (nkhani zopeka za matsenga ndi maiko achilendo) ndi sci-fi (nkhani zopeka za sayansi ndi za m'tsogolo) muno mu Lusaka ndipo mukuganiza zogula e-reader, kachipangizo kowerengerapo mabuku pa sikirini, ine ndikuti gulani. Koma mudziwiretu kuti kachipangizoka kamathetsa mavuto awiri okha, la kuwala ndi la kulemera kwa mabuku. Kupeza mabukuwo kumavutabe, ndipo kubwerekana ndiye kumafika povutiratu. Ndikukapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Kanga ndi ka sikirini ya e-ink ya mainchi 6, yoonetsa zakuda ndi zoyera zokha. Kali ndi nyali yamkati, malo osungira a 16GB, ndipo kamatchajidwa ndi USB-C. Si Kindle kapena Kobo, ma e-reader amene ambiri amawadziwa. Ndi ka kampani ina yaing'ono, ndipo ndinakagula kogwirapo kale ntchito kwa mnyamata wina woitanitsa zipangizo kunja amene amagulitsa m'tauni. Mtengo wake unali ngati wa foni yapakatikati.

Ndiyambe ndi batire chifukwa ndi limene linandigulitsa. Tonse tikukumbukira 2024. Mvula inakana, boma linalengeza mu February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo poti magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, kumapeto kwa chaka madera ena ankakhala maola pafupifupi 20 opanda magetsi pa tsiku. Nthawi imeneyo batire la foni linali chuma. Unkalisunga kuti ulandire mafoni a kuntchito ndi kutumiza ndalama pa mobile money, ndiye kuwerengerapo buku kunali kuwononga. Kachipangizo aka ndikakatchaja kamodzi kamanditengera masabata, bola Wi-Fi ikhale yothimitsa ndipo nyali isakwere kwambiri. Magetsi akabwera pakati pa usiku kwa maola ochepa, pa soketi pamapita mafoni ndi tochi, iko kamadikira tsiku lina popanda vuto.

Chinsinsi chake chili mu sikirini. Mkati mwa e-ink muli timakapisozi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kali ndi tinthu takuda ndi toyera. Mukatembenuza tsamba, mphamvu ya magetsi imakankhira takuda pamwamba pamene pali chilembo, toyera n'kutsala pena ponse. Tikakhazikika timakhala pomwepo, sitifunanso magetsi. Choncho batire limadyeka makamaka potembenuza tsamba ndi poyatsa nyali, pamene foni imadya batire nthawi yonse imene sikirini yayaka. Nyali yakenso ndi yosiyana ndi ya foni. Timababu tili m'mphepete ndipo timawalitsa tsamba kuchokera kutsogolo, sitilasa maso kuchokera kuseri. Usiku ndimaika kuwala kwachikasu pang'ono, ndimawerenga mpaka tulo titabwera, maso osawawa, komanso mkazi wanga sadzuka. Masana, pa dzuwa la October limene limachititsa sikirini ya foni kuda bii, zilembo za e-ink zimaoneka bwino kuposa m'nyumba. Mu minibasi ya Great East Road, magalimoto akathinana cha ku Manda Hill, ndimawerenga nditakhala ku windo, dzanja limodzi litagwira chikwama.

Za kulemera sindichulukitsa. Aliyense wowerenga fantasy akudziwa kuti nkhani imodzi imatha kukhala mabuku atatu, asanu ngakhale khumi, lililonse la masamba mazanamazana. Onsewo amakwana m'thumba la jekete, ndipo 16GB simungaidzaze ndi mabuku a zilembo zokhazokha.

Chimene sindinkayembekezera kuti ndichikonda chonchi ndi kufufuza mawu. M'mabuku amenewa mumakhala anthu ambiri, mayina achilendo, mafumu, mizinda ndi mapulaneti. Munthu amene anatchulidwa kamodzi koyambirira amadzatulukira patapita masamba 400, wolemba akuyesa kuti ukumukumbukira. Pa pepala umangopitirira uli ndi chikaiko. Apa ndimadina dzinalo n'kuligwira pang'ono, kachipangizo n'kundionetsa malo onse amene latchulidwa m'bukumo, ndimawerenga mzere woyamba uja n'kubwerera pamene ndinali. Dikishonale ya Chingerezi ilimo ndipo imagwira popanda intaneti. Yathandiza kwambiri mwana wa mlongo wanga wa giredi 11, amene kale ankasiya buku akakumana ndi mawu ovuta atatu pa tsamba limodzi. Mawu opeka a wolemba mwini siwapeza, zimenezo n'zomveka. Dikishonale ya Chichewa mulibe.

Tsopano zimene zimandipweteka. Mabuku a fantasy amayamba ndi mapu, ndipo kwa ena a ife mapuwo ndi theka la chisangalalo. Pa mainchi 6 mapu amafinyika, mayina a mitsinje ndi mapiri amasanduka timadontho. Ukati ukulitse ndi zala, sikirini imaphethira, imada yonse, imayera, kenako chithunzi chimabwera chitasuntha kupitirira pamene umafuna. E-ink ndi yochedwa mwachibadwa chifukwa tinthu tija timayenera kuyenda ndithu, ndipo nthawi zina mthunzi wa tsamba lapita umatsalira mpaka sikirini itadzitsuka. Powerenga wamba zimenezi suziona, koma pa mapu zimatopetsa.

Ndinaliona bwino vutoli pa The Old Drift, buku la Namwali Serpell, mwana wa muno mu Lusaka, limene linatuluka mu 2019 n'kupambana Arthur C. Clarke Award, mphoto ya mabuku a sci-fi, mu 2020. Limatsata mabanja atatu kudutsa mibadwo, kuyambira nthawi ya atsamunda cha ku Victoria Falls mpaka Zambia ya m'tsogolo pang'ono, ndipo kumayambiriro kuli chithunzi cha mzere wa mabanjawo. Wowerenga amafunika kubwererako kawirikawiri kuti adziwe kuti uyu ndi mdzukulu wa yani. Ndi buku la pepala umangoika chala pa tsambalo. Pa e-reader uyenera kutsegula menyu, kupita koyambirira, kukulitsa chithunzi, kenako kufunafuna pobwerera. Mapeto ake ndinajambula mzere wa mabanjawo pa kapepala n'kukalowetsa m'chikuto cha kachipangizo. Bukulo lokha, ngati simunaliwerenge, musalilekerere. Muli Kalingalinga, muli damu la Kariba, mulinso Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi uja amene mu 1964 ankaphunzitsa achinyamata zopita kumwezi, pamodzi ndi Matha Mwamba, mtsikana amene anali mmodzi mwa ophunzira akewo. Kuwerenga sci-fi imene ikuchitikira m'misewu imene umayendamo tsiku ndi tsiku kumakoma mwa mtundu wina.

Mafayilo a PDF ndi vuto linanso. EPUB, mtundu wa fayilo wopangidwira mabuku a pa e-reader, imalola zilembo kukula ndi kuchepa, mizere n'kudzikonza yokha molingana ndi sikirini. PDF ndi tsamba louma, limabwera mmene analikonzera pa A4, ndiye pa sikirini yaing'ono zilembo zimachepetsetsa. Zolembedwa zambiri za m'Chinyanja zimene zimapezeka pa intaneti zili mu PDF, kotero kwa ine kachipangizoka kakhala ka mabuku a Chingerezi. Ngati cholinga chanu ndi manotsi a ku yunivesite ya UNZA kapena mabuku a sukulu, funani ka sikirini yaikulu kapena tabuleti.

Nkhani yopeza mabuku ndi imene ogulitsa sakuuzani. Masitolo a ma e-book amafuna khadi la ku banki lolipirira pa intaneti, mitengo ili m'madola kapena m'mapaundi, ndipo kwacha ikagwa buku limodzi latsopano limafika pa ndalama zoti munthu uyambe waganiza kawiri. Mabuku ena sagulitsidwa n'komwe kwa amene adiresi yake ndi ya Zambia, chifukwa ofalitsa amagawana madera ogulitsa. Komabe zaulere zovomerezeka zilipo zambiri. Project Gutenberg, imene Michael Hart anayambitsa mu 1971, ili ndi mabuku opitirira 70,000 amene umwini wake unatha, ndipo makolo a sci-fi monga Mary Shelley, Jules Verne ndi H.G. Wells ali momwemo, mu EPUB. Omenana, magazini ya ku Nigeria imene inayamba mu 2014, imatulutsa nkhani zazifupi za olemba a mu Africa ndipo imawerengedwa kwaulere. Magazini a Clarkesworld ndi Strange Horizons nawonso nkhani zake zili poyera pa intaneti. Ndikafuna kudziwa za kwathu kuno zimene zatuluka posachedwa, ndimayang'ana mndandanda wa Nommo Awards, mphoto za African Speculative Fiction Society zimene zinayamba mu 2017. Pa laputopu ndimagwiritsa ntchito Calibre, pulogalamu yaulere yosanja mabuku ndi kusintha mtundu wa fayilo, kenako ndimatumiza pa chingwe. Fayilo ya buku la zilembo zokha ndi yaing'ono, siidya bandulo.

Chimene chachotsa nyenyezi yachisanu ndi kubwerekana. Tili ndi kagulu ka owerenga, timacheza pa WhatsApp ndipo kumapeto kwa mwezi timakumana kunyumba kwa amayi ena ku Kabwata, aliyense n'kufotokoza chimene akuwerenga. Ambiri ndife ochokera ku Chipata, Katete ndi Chadiza, ena ndi a ku Malawi amene amagwira ntchito kuno. Mwambo wathu ndi woti ukaliyamikira buku, umalitulutsa m'chikwama n'kulipereka kwa amene maso ake awala. Umu ndi mmene Azotus the Kingdom, buku la Shadreck Chikoti wa ku Malawi lonena za Africa ya zaka 500 zikubwerazo, linatizungulira tonse. Achimwene ena anabwera nalo kuchokera ku Lilongwe kudzera pa Mwami, ndipo pofika kwa ine chikuto chinali chitamatidwa ndi selotepi, m'mphepete mwa masamba muli timafunso ta pensulo ta amene anawerenga ine ndisanalandire. Ndinkawerenga nkhaniyo pamodzi ndi maganizo a anzanga.

Buku logula pa intaneti silitero. Ambiri amabwera atakhomedwa ndi DRM, loko amene amamangirira fayilo ku akaunti ya wogula. Mwezi wina ndinafotokoza mokoma za Binti ya Nnedi Okorafor, nkhani yaifupi imene inatenga mphoto za Hugo ndi Nebula, ndipo mtsikana wina wa m'gulu anati, "Amalume, mundibwereke ndikawerenge weekend ino." Ndinalibe chomupatsa kupatula kachipangizo konse, ndi mabuku anga onse momwemo, ine n'kutsala manja lende. Ndinamubwereka ndithu, koma si zinthu zoti ungachite mwezi ndi mwezi. Chiyambireni anthu angapo m'gulu kugula ma e-reader, mulu wa mabuku pa tebulo la ku Kabwata wachepa, ndipo amene zikuwakhudza kwambiri ndi ana asukulu amene ankadalira mulu umenewo.

Ndikudziwa kuti ena ayankha kuti mafayilo akuba ali mbwee m'magulu a Telegram. Alipodi. Koma ine mtima sundilola, makamaka pa olemba athu. Wolemba wa ku Lusaka, Lilongwe kapena Lagos amene akuyesa kulemba za maloboti ndi mizimu ya kwathu amagulitsa mabuku ochepa kale, ndipo wofalitsa amayang'ana malonda asanavomere buku lachiwiri. M'gulu mwathu tinagwirizana kuti mabuku a olemba a mu Africa tizisonkha ndalama n'kugula a pepala kuti azizungulira, e-reader izikhala ya zakale zaulere, magazini, ndi mabuku akuluakulu akunja amene m'masitolo a muno sapezeka kapena amapezeka buku lachitatu lokha popanda loyamba.

Za kulimba, samalani sikirini. Pansi pa e-ink pali galasi lopyapyala kwambiri, ndipo limatha kusweka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Ka mnzanga kanali m'thumba lakumbuyo pamene ankapanikizana pokwera basi ku City Market. Atakatulutsa, theka la tsamba linali litauma ndi mizere yopingasa, mawu a chaputala chimene ankawerenga atamatirira pomwepo mpaka lero. Anazungulira kwa okonza mafoni a mu Katondo Street, onse anati sikirini yotero sasunga. Gulani chikuto cholimba tsiku lomwelo, ndipo muzikaika m'chikwama pakati pa zinthu zofewa. Fumbi la August silinakavute kanga, ndimangopukuta ndi kansalu kouma. Kanga si kotchinga madzi, ndiye nthawi ya dzinja kamayenda m'pepala la pulasitiki.

Wondigulitsa anachita bwino pondilola kukayesa ndisanalipire, koma chitsimikizo anandipatsa cha pakamwa chokha, ndipo chingwe chimene anaikamo chinasiya kugwira posakhalitsa. Ngati mukugula kogwirapo kale ntchito, tsegulani tsamba loyera n'kukweza nyali mpaka kumapeto kuti muone ngati pali madontho kapena mbali ina yakuda. Onetsetsani kuti mwini wake wakale anachotsamo akaunti yake. Tengani buku la EPUB pa foni kapena pa laputopu, mulilowetse pomwepo muone ngati likutseguka. Kobo imatsegula EPUB mwachindunji, pamene Kindle imafuna kuti mulitumize kudzera pa Send to Kindle, njira yotumizira mafayilo ku Kindle pa intaneti, kapena mulisinthe kaye ndi Calibre, choncho funsani mtundu musanatulutse ndalama. Ndipo ngati mumakonda mapu ngati ine ndipo thumba likulola, onjezerani pang'ono mutenge ka mainchi 7 kapena 8.