Mpando wa kholo pa tebulo la sukulu ku Massachusetts

Abale anga kumudzi, mumandifunsa kawirikawiri za mwana wanga wachisamba uja, amene anafika zaka zinayi asanatchuleko "amayi". Mukukumbukira kuti ena ankati tikaombeze, ena ankati ndi wamwano chifukwa sayang'ana munthu kumaso. Kuno ku Massachusetts madokotala anatiuza kuti ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Koma lero sindilemba za kuchipatala. Ndilemba za kusukulu, kumene ine mayi wake ndinaphunziranso kutsegula pakamwa.

Ku America kuli lamulo lotchedwa IDEA, lomwe mizu yake ndi ya mu 1975. Limati mwana aliyense waulumali aphunzire mwaulere, ndipo alandire thandizo loyenera iyeyo kuyambira zaka 3. Massachusetts inali itakhazikitsa kale lamulo lake mu 1972. Thandizolo amalilemba m'chikalata chomwe aliyense kuno amangochitchula IEP, ndipo chimaunikidwa kamodzi pachaka pamsonkhano womwe kholo limakhalapo ngati membala, osati mlendo.

Izi ndikuzidziwa lero. Tsiku loyambalo sindinkazidziwa. Ndinalowa m'chipindamo nditangoweruka ntchito ya usiku yosamalira okalamba, maso ali gwaa ndi tulo. Ndinapeza anthu asanu ndi mmodzi atazungulira tebulo, aliyense ndi mapepala ake: mphunzitsi, wophunzitsa kulankhula, wa zamaganizo, wa ku ofesi. Analankhula mwaulemu ndithu, koma mothamanga. Ine ndinkangogwedeza mutu. Kwathu tinaleredwa kuti aphunzitsi sutsutsana nawo, umapinda manja n'kunena kuti "zikomo, mwatithandiza". Ndinasayina pomwepo. Mwana anapatsidwa mphindi 30 pa sabata zophunzira kulankhula, ndipo chaka chonse chinatha chonchi. Mpaka pano mtima umandipweteka ndikakumbukira, chifukwa chaka cha mwana wa zaka zisanu sichibwerera.

Amene ananditsegula m'maso ndi mayi wina wa ku Haiti, tinkadikirira limodzi basi ya ana. Anandiuza kuti kuno ukakhala chete amati wavomera. Anandiuza kuti ndinali ndi masiku 30 oti ndiganizire ndisanasayine, kuti ndikanatha kuvomera mbali ina n'kukana ina, ndiponso kuti kholo lomwe Chingelezi chimalivuta lili ndi ufulu wopempha womasulira. Kenako anandikokera ku msonkhano wa SEPAC.

Ili ndi bungwe la makolo a ana aulumali, ndipo lamulo la Massachusetts limati chigawo chilichonse cha sukulu chikhale nalo. Lathu limakumana madzulo ku laibulale, kamodzi pamwezi. Ntchito yake ndi kulangiza komiti ya sukulu, yomwe imaona za ndondomeko ndi bajeti ya masukulu onse a mumzinda. Ndanena kuti kulangiza, osati kulamula, ndipo kusiyana kumeneku tinakumva m'mafupa.

Titakhala pansi n'kufotokozerana, tinapeza kuti zomwe zinandichitikira ine zinachitikiranso ambiri, makamaka ife obwera ndi ogwira ntchito za mashifiti. Misonkhano ya IEP ankaiika m'mawa, nthawi ya ntchito. Mapepala tinkawaona koyamba titakhala kale pa tebulo. Choncho tinalemba pempho la zinthu ziwiri: mapepala azibwera kunyumba masiku angapo msonkhano usanachitike, ndipo kholo lizisankha nthawi kapena kulowa pa foni.

Pamsonkhano wa komiti munthu wamba amapatsidwa mphindi zitatu. Ine ndinaziyeserera sabata yathunthu kukhitchini, ndikuphika nsima. Nditaimirira miyendo inkanjenjemera, koma ndinafotokoza za chaka chija chomwe mwana wanga anataya chifukwa cha siginecha yanga. Anatithokoza, nkhani n'kugona. Tinabwereranso. Tinabwereranso kachitatu, tili makolo okwana kudzaza mizere itatu ya mipando. Patatha pafupifupi zaka ziwiri, za mapepala ndi za foni zinalowa m'ndondomeko ya chigawo chathu. Za misonkhano ya madzulo anakana, ati nthawi ya aphunzitsi ili ndi malire ake, ndipo pamenepo ndinawamvetsa.

Musaganize kuti kuno ndalama zimangosefukira. Pokhazikitsa lamulo la mu 1975 lija, aphungu a ku Washington analonjeza kuti boma lalikulu lizilipira mpaka 40 peresenti ya ndalama zoonjezera zophunzitsira ana aulumali, koma silinafikepo pamenepo. Zotsalazo zimagwera maboma a zigawo ndi mizinda, n'chifukwa chake bajeti ikamakambidwa timapezekapo, kuopa kuti wothandizira m'kalasi angadulidwe ife tili kunyumba.

Ndimakumbukira mphunzitsi wa kwathu amene amaima pamaso pa ana oposa 100, ndi aphunzitsi ochepa aja a ana aulumali ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu amene amayembekezeka kufikira masukulu ambirimbiri. Sindikuwaimba mlandu. Koma achemwali, inu muli mu komiti ya sukulu, ndipo mulamu ali mu gulu la amayi. Pamsonkhano wotsatira, mukatha za njerwa ndi phala, mufunseko za mtsikana wosamva uja amene amakhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo muitane mayi ake adzakhale nawo. Mundiuze zomwe akayankhe aphunzitsi aakulu.