Kuwiritsa, klorini kapena sefa: iti ikutetezadi madzi a pampopi m'tauni yaing'ono?

Madzi akasiya kwa tsiku kapena awiri n'kubweranso, anthu omwera paipi imodzi amagawanika. Wina amateleka poto, wina amathira klorini m'chigubu, wina amangoloza sefa yake n'kunena kuti iye alibe nkhawa. Aliyense akuti yakeyo ndiyo njira. Koma njirazi sizigwira ntchito imodzi, ndipo imene anthu ambiri amaitayira ndalama ndi imene imalimbana ndi vuto laling'ono pa onse.

Tiyambe ndi chimene chimaipitsa madziwo. Amatha kuchoka kumalo owayeretsera ali bwinobwino n'kudzaipira m'njira. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankhira kunja, moti ngakhale pali mng'alu, amangotayika basi. Ikauma zinthu zimatembenuka: mng'alu womwe uja umayamba kuyamwa madzi a m'nthaka, ndipo ngati paipiyo yadutsa pafupi ndi chimbudzi kapena ngalande, zimene zili m'menemo zimalowa. Madzi oyamba kutuluka akabwera si owathamangira ndi kapu. Mdani wina ndi mvula yamphamvu. Ku Walkerton, tauni ya anthu pafupifupi 5,000 m'dziko la Canada, mvula inakokolola ndowe za ng'ombe kufika m'chitsime chosazama mu May 2000, ndipo klorini amene ankathiridwa anali wosakwanira. Anthu pafupifupi 2,300 anadwala, 7 anamwalira. Ku Havelock North, m'dziko la New Zealand, anthu oposa 5,000 anadwala mu August 2016 atamwa madzi a m'zitsime za tauni omwe sankathiridwa klorini n'komwe. Awa si mayiko osauka. Tauni ikachepa, ogwira ntchito za madzi amachepanso, ndipo cholakwika chimachedwa kuonekera.

Maso sathandiza kwenikweni pankhaniyi. Madzi akatuluka a mbuu ngati athiridwa mkaka, tungani m'kapu yagalasi muikhazike patebulo. Mukaona akuyera kuyambira pansi kupita pamwamba, umenewo ndi mpweya chabe, palibe choopsa. Akatuluka ofiirira, kawirikawiri ndi dzimbiri la m'mapaipi lomwe latakasika. Amathimbiritsa zovala ndipo sakoma, komanso akukuuzani kuti m'paipimo mwachitika chipwirikiti. Koma madzi oyera mbee, opanda fungo, amatha kukhala ndi tizilombo ta kolera kapena tayifodi. Ndipo kafungo ka klorini kamene ambiri amadana nako ndi chizindikiro chabwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi akamafika pampopi akhale ndi klorini wotsala wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita, ndipo m'mamililita 100 a madziwo musapezeke E. coli, bakiteriya wosonyeza kuti m'madzi mwalowa ndowe, ngakhale mmodzi.

Pa kupha tizilombo, kuwiritsa kulibe mnzake. Mabakiteriya, mavairasi, ngakhale tizilombo tolimba tomwe klorini amatilephera, tonse timafa, ndipo zilibe kanthu kuti madziwo ndi oyera kapena a matope. Chofunika ndi chakuti awiredi. Timathovu ting'onoting'ono tomata pansi pa poto si kuwira. Dikirani mpaka madzi abwadamuke, thovu likugubuduzika pamwamba ponse, kenako muwerenge mphindi imodzi. Bungwe lolimbana ndi matenda la CDC la ku America limati kumapiri, pamalo okwera kupitirira mamita pafupifupi 2,000, mphindizo zikhale zitatu. Akuluakulu a za madzi akalengeza kuti madzi aipa, kapena mukamakonzera khanda mkaka, ine sindingakuuzeni njira ina kuposa imeneyi.

Kufooka kwake kumayamba poto akangochoka pamoto. Madzi owiritsa alibe chowateteza. Aikeni m'ndowa yotsegula pamwamba kuti azizire, mwana abwere ndi kapu yomwe inali pansi, aviike mpaka zala, ntchito yonse ija yapita pachabe, ndipo inu mumwa ndi mtima wonse chifukwa mukukumbukira kuti munawiritsa. Onjezanipo magetsi, gasi kapena nkhuni zoti muwiritsire banja lonse tsiku ndi tsiku, ndi kudikira kuti azizire anthu ali ndi ludzu. Ambiri amayamba ndi changu, pakatha sabata zingapo n'kumati lero lokha timwe choncho. Njira imene munthu amaidumpha masiku ena siingatchedwe yodalirika, ngakhale itakhala yamphamvu chotani.

Apa m'pamene klorini amapambanira. Amapha mabakiteriya ndi mavairasi ambiri, kenako amatsalira m'madzimo, moti dzanja likalowa m'chigubu mawa lake, alipo woti alimbane nalo. Safuna moto, ndipo chigubu cha malita 20 mumachikonza nthawi imodzi. Koma ali ndi malamulo ake, ndipo anthu amawaphwanya. Mukathira, khutchumulani chigubu, dikirani mphindi 30. Muyezo tsatirani wa pabotolo kapena papaketi, chifukwa mphamvu zake zimasiyana. Kapu ya chitsekerero imene mnzanu amathira mwina si ya mtundu umene muli nawo inu. Madzi akakhala a matope, klorini amathera pa matopewo asanafike pa tizilombo, choncho asiyeni adikhe kaye, muwatsanulire pansalu yoyera, ndipo akakhalabe a mbuu muyezo umawirikizidwa kawiri. Mphindi 30 zija zikatha, nunkhizani. Kafungo kakamveka pang'ono, zatheka. Kakapanda kumveka, mwina botolo lanu linasukuluka kalekale, pakuti klorini wamadzi amatha mphamvu akakhalitsa, makamaka pamalo otentha kapena padzuwa. Wa mapiritsi amasungika nthawi yaitali. Bulitchi wochapira wokhala ndi zonunkhiritsa asayandikire madzi akumwa.

Ena amaopa kuti klorini akakumana ndi zinyalala za m'madzi amapanga timankhwala tina tosafunika m'thupi. N'zoona amapanga, koma WHO yomweyo imachenjeza kuti mantha amenewa asachititse anthu kufooketsa ntchito yopha tizilombo, chifukwa kutsegula m'mimba kumapha msanga. Kufooka kwenikweni kwa klorini ndi kwina: kachilombo kotchedwa Cryptosporidium, komwe kamachokera m'ndowe ndipo kali ndi chikhungwa cholimba, sikamumva. Mu 1993 kanadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 mumzinda wa Milwaukee ku America, madzi ake ali othiridwa klorini.

Tsono masefa. Apa ndi pamene ndalama zimasochera, chifukwa alipo a mitundu itatu yosiyana kwambiri ndipo wogulitsa sadzakuuzani kusiyanako mukapanda kufunsa.

Yofala kwambiri ndi ya jagi kapena yomanga kukamwa kwa mpopi, yomwe m'kati mwake muli makala okonzedwa mwapadera. Imeneyi imachotsa fungo la klorini n'kukometsa madzi, ndipo pa ntchito imeneyo ndi katswiri. Koma ambiri mwa masefa otere sanapangidwire kugwira tizilombo. Taganizani bwino: yachotsa klorini amene amateteza madziwo, tizilombo yatisiya, ndipo kasefa ka m'kati kakapitirira nthawi yake osasinthidwa, mabakiteriya amaswana momwemo. Kudalira sefa yotere madzi atangobwera kumene kuli ngati kusesa pabwalo nyumba ikudontha. Yang'anani pabokosi chizindikiro cha NSF/ANSI, chosonyeza muyezo umene sefayo inayesedwa nawo. Chizindikiro cha NSF/ANSI 42 chikunena za kukoma ndi fungo basi. Cha NSF/ANSI 53 chikunena za zinthu zowononga thanzi, komabe muwerenge kuti sefayo inayesedwa pa chiyani, chifukwa yoyesedwa pa mtovu sikuti imagwiranso zina zonse.

Yachiwiri ndi ya dothi lootcha, kaya yooneka ngati mphika kapena ngati kandulo. Iyi ndimaipatsa ulemu. Timabowo take n'tating'ono moti mabakiteriya ambiri ndi Cryptosporidium uja amatsalira, matope nawo amatsalira, ndipo sifuna magetsi. Imadontha pang'onopang'ono, ya mphika malita 1 mpaka 3 pa ola, choncho mumaidzaza usiku kuti m'mawa mupeze madzi. Mavairasi, poti ndi aang'ono zedi, ambiri amadutsa. Choopsa china ndi mng'alu wosaoneka: sefa yomwe inkadontha mwaulesi ikayamba mwadzidzidzi kuthamanga, musakondwere, yasweka. Poitsuka, madzi osasefa ndi manja asakhudze mbali imene madzi oyera amatulukira.

Mukaika sefa ya dothi ndi klorini pamodzi muona kuti pamene sefa ya dothi ikulephera, klorini akutha, ndipo pamene klorini akulephera, sefa ikutha. Sefa imachotsa matope ndi tizilombo tolimba, klorini amamaliza mavairasi n'kulondera madziwo m'chigubu. Kwa banja la m'tauni imene madzi amasiyasiya, kusefa kaye kenako kuthira klorini ndi njira imene ndingaisankhe pa madzi a tsiku ndi tsiku, poto n'kumusungira khanda, wodwala, ndi masiku a chenjezo. Chigubu chake chikhale cha kukamwa kopanikiza kapena chokhala ndi kampopi, kuti madzi azitsanulidwa, asamatungidwe.

Dzuwa nalo limatha ntchitoyi: botolo lapulasitiki loonekera m'kati la mtundu wa PET (wa mabotolo a madzi ndi zakumwa zogula), losaposa malita 2, kulidzaza madzi n'kuligoneka padzuwa maola 6, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Limafuna madzi oyera kale ndi mabotolo ambirimbiri, ndipo nyengo ya mvula, pamene madzi amaipa kwambiri, ndi pamene dzuwalo limasowa. Madzi ogula a m'botolo ndi opulumukira masiku ochepa. Palibe amene amatsukira mbale kapena masamba ndi madzi ogula, ndiye a pampopi aja amalowabe m'nyumba.

Zonsezi ndi za tizilombo. Pali gulu lina la mavuto lomwe poto, klorini, dzuwa ndi sefa ya dothi zonse zimagwa nalo limodzi: mankhwala osungunuka m'madzi. Kuwiritsa sikuchotsa mtovu, nitrate, fluoride kapena poizoni wotchedwa arsenic. Madzi akamaphwera pamoto, zinthuzi zimatsalira n'kuchulukirako pang'ono. Mzinda wa Flint ku America utasintha kotunga madzi mu 2014 osathira mankhwala oletsa mapaipi kudyeka, mtovu wa m'mapaipi akale unasungunukira m'madzi, ndipo kuwiritsa sikukanapulumutsa aliyense. Mtovu umaononga ubongo wa ana ndipo sumveka kukoma kapena fungo. Nthawi zambiri umachokera m'mapaipi ndi zolumikizira za nyumba zakale, choncho m'mawa tsegulani mpopi madzi ogona m'paipi atayike kaye, ndipo akumwa ndi ophikira azichokera kumpopi wa madzi ozizira, popeza otentha amasungunula mtovu wambiri. Nitrate amachokera ku feteleza ndi zimbudzi, ndipo ndi woopsa kwa makanda omwa mkaka wosungunula. Malire a WHO ndi mamiligalamu 50 pa lita. Fluoride akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amathimbiritsa mano a ana, ndipo ana ambiri a dera limodzi akakhala ndi mano a mawanga ofiirira, madzi ndi oyamba kuwakayikira.

Pa gulu limeneli sefa yachitatu ija, ya reverse osmosis, yomwe imakankha madzi mwamphamvu kudutsa pa kachikopa ka timabowo tating'ono zedi, ndiyo imagwira ntchito, ndipo chizindikiro chake ndi NSF/ANSI 58. Ndi yodula, imafuna madzi othamanga mwamphamvu, imataya madzi ambiri pa lita iliyonse imene yayeretsa, ndipo zam'kati mwake zimafuna kusinthidwa. M'tauni imene madzi amangodontha pampopi, imeneyi imavuta. Kuigula musanayezetse madzi n'kutaya ndalama, chifukwa mwina vuto limene imathetsalo kwanuko kulibe.

Kuyezetsako yambani n'kufunsa bungwe limene limakugulitsani madzi kuti likuonetseni zotsatira zaposachedwa: E. coli, klorini wotsala, nitrate ndi fluoride. Funsaninso kuti anatunga pati, pakuti madzi a pafupi ndi thanki ndi a nyumba yakumapeto kwa paipi amasiyana, klorini amathera m'njira. Klorini wotsalayo mungamuyeze nokha ndi timapepala tosintha mtundu. Mtovu ndi wa nyumba ndi nyumba, zotsatira za tauni sizingakuuzeni za mpopi wanu. A ku labotale kawirikawiri amafuna madzi oyambirira a m'mawa, ogona m'paipi usiku wonse. Madzi oyezera E. coli amatungidwa m'botolo lochokera ku labotale komweko, osakhudza kukamwa kwake, n'kuwasunga pozizira, ndipo afike asanathe maola 24.