Cy Young ndi Walter Johnson, dolo weniweni anali uti?

Ambiri mukangomva zoti Cy Young anawina magemu 511 mumati basi nkhani yatha, palibenso zokambirana. Ine ndikuti dikirani kaye, tiwaone bwinobwino anthu awiriwa, omwe anali ma pitcher (oponya mpira) pa masewero a baseball ku America.

Pa thupi sankasiyana kwenikweni. Young anali wamtali ma sentimita 188, wolemera makilo pafupifupi 95, munthu wokulira pa famu ku Ohio. Johnson, wobadwira ku Kansas, anali 185 ndi makilo 91, koma iyeyu mikono yake inali yaitali heavy ndipo mpira ankauponya chammbali, mkono osaukweza pamwamba, ndiye womenya amangozindikira mpira wadutsa kale. Nchifukwa chake ankamutchula kuti Big Train.

Young anasewera kuchokera 1890 mpaka 1911, ma innings (zigawo za gemu) 7,356, magemu 749 kuponya yekha kuyambira koyamba mpaka mapeto osasinthidwa. Zimenezo ndi mphamvu zoopsa, sindikutsutsa, ndipo palibe adzafikepo masiku ano pomwe ma pitcher amatulutsidwa gemu ili mkati. Komanso tinene chilungamo, mu 1893 atatalikitsa mtunda woponyera kufika mafiti 60 ndi mainchesi 6 ena anasokonekera koma iye anapitiriza kuwina, mpaka mu 1904 ali ku Boston anaponya perfect game, palibe ndi mmodzi yemwe wa Philadelphia Athletics anafika pa base, pomwe womenya amathamangira akamenya mpira.

Koma onani Johnson. Anawina 417, inde ndi ochepa, koma moyo wake wonse kuyambira 1907 mpaka 1927 anali ku Washington Senators, timu yomwe zaka zambiri inali yofooka zedi, munthu kuponya bwino gemu yonse anzake osamugoletsera olo run (chigoli) imodzi, nkuluza 1-0, ndipo zinamuchitikira kambirimbiri. Ndiye anangoyenera kutseka yekha chitseko, ma shutout (kuponya gemu yonse adani osagoletsa olo run imodzi) 110, rekodi yomwe ilipobe mpaka lero. Young ali ndi 76. ERA (avereji ya ma run omwe pitcher amalola pa ma innings 9 aliwonse, yochepa ndiye yabwino) ya Johnson ndi 2.17 pomwe ya Young ndi 2.63, ma strikeout (kutulutsa womenya atalephera katatu kumenya mpira) Johnson anapitirira 3,500, Young 2,803 chonsecho anaponya ma innings ochuluka kwambiri. Sizoni ya 1913 yokha, Johnson kuwina 36 ndi ERA ya 1.14, eee zimenezi ndimaziwerenga mobwereza.

Nambala ya mawini payokha imanamiza, chifukwa Old Hoss Radbourn, kamunthu ka ma sentimita 175, anawina magemu osachepera 59 mu sizoni imodzi ya 1884 ku Providence, nthawi imeneyo matimu ankadalira ma pitcher awiri kapena mmodzi. Young naye anayamba ntchito masiku omwe munthu amaponyetsedwa mosalekeza.

Mukandipatsa sizoni makumi awiri ndikufuna munthu wosadwaladwala mkono, nditenga Young. Koma gemu imodzi yoti tiwine zivute zitani, mpira ndikupatsa Johnson, ngati mmene Washington inachitira pa gemu 7 ya World Series (fainolo ya baseball ku America) ya 1924, analowa mu inning ya 9 ali ndi zaka 36 nkutseka New York Giants mpaka ya 12.